Injiniya Chagunda ndi mawaya atatu

A Trust Chagunda amafuna aziitanidwa kuti injiniya. Uinjiniya wake adaupeza tsiku limodzi lokha, pamene adagwirira makwerero anthu amene ankaimika mlongoti pamalire a Mwanza. Zaka zina zonse makumi awiri adazithera kuthamanga ndi mapepala a madalaivala a mathiraki, kuchoka windo ili kupita windo ilo. Koma mukawaona lero, sikuludiraiva ili m'thumba la shati pamodzi ndi mabolopeni atatu osalemba, mungati dziko lonse limayaka chifukwa cha iwo. Ine sindibisa, munthu ameneyu amandinyansa.

Tidakumana chifukwa cha mawailesi, aja oti umayankhula ndi mnzako wakutali iye n'kukuyankha. Amene tidali ndi malaisensi kuno tidali atatu: ine Deliwe, mphunzitsi wa sayansi, a Trust, ndi a Cristovao, bambo wachikulire amene adabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Eriyo, waya uja wokoka mafunde m'mwamba, tidali nayo imodzi, yogwira mafunde aatali ndi aafupi omwe, ndipo adailuka ndi manja awo ndi a Cristovao. A Trust adapereka malo okha, poti kwawo ndi pachitunda. Pasanathe mwezi ankauza anthu kumsika kuti eriyoyo adaiganiza okha.

M'kanyumba momwe tinkasungamo mawailesi mudali kabokosi ka swichi. Lamulo lidali limodzi: wailesi imodzi pa eriyo, zinazo zidikire. Ukayankhula zina zili zolumikizidwa, mphamvu yako imalowa mwa anzako n'kuwaotchera makutu a wailesi.

Lamulungu lililonse, fayifi koloko madzulo, swichi inkakhala ya a Cristovao. Mng'ono wawo, a Crispim, adatsalira kumapiri kuseri kwa Zobue, kumene foni siigwira, ndipo nawonso adali ndi wailesi. Chaka chimenecho a Crispim ankadwala chifuwa. A Cristovao ankafika atavala jekete ngati akupita kwa apongozi, n'kumamvetsera mmene mng'ono wawo akupumira.

A Trust kudikira kunkawawawa. Loweruka lina adachotsa kabokosi kaja, napota mawaya onse atatu pamodzi, monga amachitira anthu pogawana magetsi a nyumba imodzi, n'kukulunga ndi pepala la shuga. Mawa lake ndidawapeza akuonetsa ntchito yawo kwa madalaivala awiri.

“A Chagunda, swichi ili kuti?” ndidafunsa.

“Aphunzitsi, inu zanu ndi choko,” adatero. “Izi ndi za ife a fiyudi, ogwira ntchito ndi manja. Pano aliyense aziyankhula nthawi imene wafuna, palibenso za pamzere ngati kuchigayo.”

Ndisanafike pamawayawo, adadina batani n'kukuwa dzina lawo kuti dziko lonse limve. Mudamveka kafungo ka pulasitiki wopsa. Wailesi yanga idafa ndithu. Ya a Cristovao idagontha: kuyankhula inkayankhula, koma osamva kanthu. Ya injiniya mwiniwake idapsa mbali yoyankhulira, n'kutsala yongomva. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

A Cristovao atafika sadakalipe. Adayang'ana mawailesiwo, kenaka adati, “Palibe kanthu, achimwene. Yanga iziyankhula, yanu izimva, swichi tiziitembenuza. Ola limodzi lokha.”

Munthu wamanyazi akadavomera pomwepo. Koma kuvomera kukadatanthauza kunena pamaso pa madalaivala aja kuti wailesi ya injiniya yapsa. A Trust adati yawo ilibe vuto, ndipo zinazo zaombedwa ndi mphenzi. Mphenzi mu Julaye, kumwamba kuli mbee! Adainyamula wailesiyo kukhwapa, nati ali ndi msonkhano wofunika ku Blantyre, n'kukwera minibasi.

Msonkhanowo udatenga masabata atatu. Tidamva pambuyo pake kuti ankagona kwa mlamu wawo ku Ndirande, akuzungulira kwa okonza ma TV kuti wina awakonzere mwakachetechete. Kupita okha kumapiri a Cristovao sakadatha, miyendo idali itawakana kale. Ndiye Lamulungu lililonse ankabwerabe ndi jekete lawo, n'kuyankhula mu wailesi yogontha.

“Mano, mng'ono wanga, ndine. Sindikukumva, koma ngati ukundimva, ndili pano. Umwe mankhwala.”

Ankabwereza mpaka ola litakwana. Ine ndinkakhala panja, chifukwa mkati sindikadapirira.

Injiniya adabwera Lamulungu lachinayi, wailesi ili chipsere, atagula chipewa chatsopano. Adaiika patebulo ngati akutichitira chifundo. Ndidabwezera swichi pamalo pake ndekha, ndipo ndidawauza kuti akakhudza waya ndiwathyola chala. A Cristovao adaitana, ine n'kutembenuzira swichi ku wailesi yomva.

Adayankha ndi mawu a mkazi. Adali Estela, mwana wa a Crispim, amene a Cristovao amawatchula kuti Tio, ndiye kuti bambo aakulu m'chiyankhulo cha kwawo.

“Tio, bambo tidawaika Lachinayi. Masabata onsewa ankakumvani. Ankakuyankhani mpaka mawu kutha, akuti mubwere. Ankafunsa kuti bwanji simukuyankha zimene akunenazo.”

A Cristovao adavula jekete, nalipinda bwinobwino pamiyendo. Amene adayamba kuyankhula ndi a Trust, akusisita wailesi yawo pamwamba.

“Mwamva mmene ikumvekera bwino?” adatero. “Ndidakuuzani ine kuti yangayi ilibe vuto.”