Mapasa Amene Kompyuta Inawayesa Mwana Mmodzi

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima n'kulemba. Sukulu yanga inali ya kumudzi, ndipo pagulu sindimatha kuyankhula. Koma nkhani iyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Ndinkagwira ntchito yolowetsa maina a ana mu kompyuta pa kachipatala kena chakufupi ndi Milonde. Pulogalamu imene tinkagwiritsa ntchito inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ambirimbiri a m'maiko akutali, ena olipidwa, ena ongodzipereka. Pa maphunziro anatiuza kuti aliyense woona cholakwika akhoza kulemba pa tsamba lawo la pa intaneti, iwo n'kukonza. Ndinkanyada kuti inenso mawu anga angafike kumeneko.

Kwathu mwana sapatsidwa dzina mpaka mchombo utagwa, choncho obadwa kumene tinkangowalemba kuti mwana wa uje. Mayi wina wothyola tiyi, amene makolo ake anachokera ku Mozambique, anabereka mapasa, onse aakazi. Ndinawalemba onse awiri. Pulogalamu itaona mayi mmodzi, mudzi umodzi ndi tsiku limodzi lobadwira, inayesa kuti ndalemba kawiri, n'kuwaphatikiza. Ngakhale atalandira maina, ndikalowetsa wachiwiri ankangosowa.

Poyamba sizinavute, pakuti aliyense anali ndi khadi lake la kusikelo. Zinavuta ana aja atanyentchera. Chiponde chinkabwera kuchokera kuboma potsata mndandanda wa mu kompyuta, ndipo pa mndandanda panali mwana mmodzi. Mayi uja ankagawa cha mmodzi kwa awiri.

Kalata yanga yopita kwa olemba pulogalamu aja ndinailemba masiku atatu, m'Chingerezi, dikishonale ili pambali. Aphunzitsi athu anatiphunzitsa kuti polembera akuluakulu umayamba ndi kuthokoza. Ndinathokoza mizere isanu. Kenako ndinati pali kavuto kakang'ono kokhudza mapasa, ndipo akapeza mpata akaoneko. Za njala sindinatchule, poopa kuoneka ngati ndikuwaimba mlandu anthu otithandiza ulere. Iwo anakhulupirira mawu anga. Anaika kalatayo m'gulu la zing'onozing'ono.

Miyezi inapita. Pulogalamu inkabwera yatsopano kawirikawiri. Inabwera ndi zithunzi zamitundumitundu zoonetsa mmene ana akukulira. Inabwera ndi mapu. Inabweranso ndi batani lodetsa galasi la kompyuta kuti maso asamawawe. Anamwino athu, mayi wamkulu wosabisa mawu, anaima kumbuyo kwanga tsiku lina.

"Akulu a kompyuta, ndaona anzanu aja atitumiziranso utoto. Kodi mwanayo adya utoto?"

Anandiuza kuti ndingosintha tsiku lobadwa la mmodzi, kapena ndimulembe mudzi wina, makina apusitsike. Ndinakana mwaulemu. Pa maphunziro anatiletsa kulemba zabodza, ndipo ndinkafuna kuti oyendera akabwera apeze ntchito yanga ilibe banga. Ndinati zikukonzedwa.

Ndinalembanso kachiwiri, molimbako pang'ono. Anandiyankha bambo wina, mwaulemu ndithu. Anati akumvetsa, koma amene amawapatsa thandizo amafuna zinthu zatsopano zoti azionetsa pa misonkhano, ndipo zolakwika zodikira kukonzedwa n'zambiri kuposa manja. Anati ngati ndingathe kukonza ndekha nditumize, adzalandira ndi manja awiri. Ine amene kompyuta ndinaigwira koyamba nditamera kale ndevu. Ndinamuthokozabe.

Tsiku la sikelo lotsatira, mayi uja anabwera pa tebulo langa, mwana wina kumsana, wina m'manja. Wa m'manjayo tsitsi linali litayamba kufiira. Anayankhula motsitsa, Chichewa chake chokokera ku Chilomwe.

"Achimwene, ine ndinabereka awiri. Ululu ndinaumva kawiri. Makina anuwo analipo?"

Madzulo ake ndinachita zimene anamwino anandiuza kalekale: ndinamukulitsa mwana mmodzi ndi tsiku limodzi. Pulogalamu inamulandira pompo. Sizinatenge ngakhale mphindi.

Chiponde cha ana awiri chinafika mwezi wotsatira, koma mayi uja sanabwere. Mlangizi wa zaumoyo atakafunsa ku nyumba za kampani ya tiyi, anamuuza kuti anasiya ntchito n'kuwoloka malire kupita kwa abale ake, mmodzi mwa mapasawo mapazi atatupa. Palibe amene anadziwa mudzi wake. Mpaka lero sindidziwa ngati ana aja akadali awiri.

Anthu akutali aja sindiwada. Koma ndikaona zokongoletsa zatsopano pa galasi, ndimadziwa kuti wina anakhalira zimenezo masabata, pamene kalata yanga inali pansi pa mulu.

Patapita nthawi ndinalandira uthenga. Sanalembe munthu, analemba makina awo osesa makalata akale. Anati popeza palibe wayankhulapo kwa nthawi yaitali, nkhani yanga yatsekedwa, ndipo akundithokoza chifukwa chothandiza. Panali pa 14 Okutobala, mawa lake tsiku la anakubala.