Chitenje cha a Lamduan pa Mkono wa Makina

Chamnian anawaona koyamba a Lamduan ali pansanja, akulavulira pansi pamene lole yonyamula makina omangira njerwa inkalowa pachipata. Anali mayi wamfupi, wa mikono yojintcha, nkhope yonse ataikulunga ndi nsalu kuopa dzuwa, maso okha ali pamtunda. Chamnian anali atangoyamba kumene ntchito yosesa ndi kunyowetsa njerwa, mwamuna wake atamwalira. Sankalankhula ndi munthu. Ankangoona.

A Lamduan kwawo kunali ku Roi Et, kumidzi yakutali ndi mzinda wa Bangkok. Anayamba ndi kusenza mchenga ali mtsikana, kenako anaphunzira kugwira chipande chomangira nyumba kwa amuna awo, amene mowa unawatenga. Nyumba zambiri za m'mphepete mwa Bangkok zinadutsa m'manja mwawo, koma iwo ankagona m'kachisakasa ka malata kuseri kwa milu ya mchenga. Pakamwa pawo panali polasa. Ukalumpha chipande chawo chili pansi, ankakutukwana mpaka kwa agogo ako. Pankhomaliro ankasinja papaya wamuwisi n'kuthiramo tsabola wambiri dala, kuti wina asapempheko.

Makinawo anali ndi mkono umodzi wautali. Unkatola njerwa, kuipaka matope, kuikhazika pakhoma, n'kubwerera ina, osapuma, osacheuka. A Wirot, kapitawo wa pamalopo, anawamangirira nsalu zamitundumitundu ndi nkhata ya maluwa, n'kuika pambali botolo la chakumwa chofiira, monga amachitira ndi lole yatsopano. A Lamduan anati iwo amanga mpaka msana kupindika koma palibe anawagulirapo ngakhale madzi, lero chitsulo chikumwa zotsekemera. Kuyambira pamenepo makinawo anawatcha mkamwini wa a kapitawo.

Amisiri anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Panatsala a Lamduan, ndipo aliyense ankadziwa kuti makinawo akakweza bwinobwino khoma lalitali la nyumba yosungiramo katundu, nawonso auzidwa kuti akapume.

M'mawa wina anthu anapeza chitenje chitapachikidwa pamwamba pa mkonowo, chobiriwira, cha mizere yakuda m'munsi, chikudonthabe madzi ochapira. Amuna okankha njerwa anaima chapatali ndi mawilibala awo. Njira yawo inkadutsa pansi pomwepo. Onse anali ndi zithumwa m'khosi, ena malemba opatulika odindidwa pakhungu la kumsana, ndipo mwamuna akadutsa pansi pa chitenje cha mkazi zonsezo zimasuluka. Pamalo amene zitsulo zimagwa kuchokera kumwamba, palibe akanalola kuyenda wopanda chomuteteza. Woyendetsa makinawo, munthu wa sukulu, anaseka n'kunena kuti ndi zachikale, koma dzanja lake linali pachifuwa, pamene panali chithumwa chake, ndipo sanasunthe phazi.

A Lamduan anali atakhala pachidebe, akudya mpunga womata. A Wirot atafunsa amene wachita zimenezi, iwo anayankha kukamwa kuli kodzaza.

"Muuzeni mkamwini wanu achotse yekha. Mkono ali nawo, kapena ndi wongodyera?"

Ena anaseka chamumtima. A Wirot anayang'ana uku ndi uku mpaka maso awo anagwera Chamnian, atagwira tsache lake kuseri kwa matumba a simenti. Anamuuza kuti iye ndi mkazi, izi sizimukhudza, akwere akachotse. Ananenanso, mosakweza mawu, kuti osesa ndi osavuta kupeza.

Chamnian anachidziwa chitenjecho. Ankachiona tsiku ndi tsiku pachingwe cha pakhomo pa a Lamduan. Anayang'ana a Lamduan, iwo osamuyang'ana. Anakwera makwerero, anachimasula, n'kuchipinda bwinobwino ali pomwepo. Atatsika, a Wirot anamufunsa kuti mwini wake ndani. Chamnian anali atatsimikiza mumtima kuti satchula munthu. Koma chovala cha wamkulu sasiya pansi, ndipo miyendo inangomutenga yokha mpaka pachidebe paja. Anawerama pang'ono, n'kuchipereka ndi manja awiri.

A Lamduan sanachilandire.

Makinawo anayambanso, ndipo sanasonyeze kuti asuluka chilichonse. Pofika masana khoma linali litapitirira mutu wa munthu. A Lamduan anaitanidwa ku ofesi, ndipo potuluka sanabwererenso kunsanja. Chamnian anapatsidwa wilibala. A Wirot anati akufuna munthu wosaopa kudutsa pansi pa chilichonse.

Chamnian anawapeza a Lamduan pachipata akudikira basi, chipande atachikulunga m'nsanza, kadengu ka mpunga kali paphewa. Nsalu yakumaso anali atavula, ndipo Chamnian anaona kuti anali okalamba kuposa mmene ankaganizira. Anafuna kunena kuti sanachite dala, kuti ali ndi mwana kusukulu kumudzi. Anangotambasula manja.

"Achemwali, chitenje chanu."

A Lamduan anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anayang'ana mkono uja ukupita n'kubwera pamwamba pa mpanda.

"Sunga, wamasiye iwe. Tsiku limene a kapitawo adzabweretse mkamwini wokankha wilibala, udzachifuna. Koma usanachipachike, udzayambe waona ngati pafupi palibe munthu waulemu ngati iwe."