Dongo pa Pisitoni

Pikapu yanga ndinaigula ndisanapume pa ntchito, ndipo pepala lililonse lokhudza galimoto imeneyi ndili nalo, kuyambira lisiti la tsiku loyamba mpaka la babu ya kumbuyo. Onse ali m'mafayilo atatu m'sutikesi kunyumba kwanga ku Machinjiri. Injini yake ndi ya petulo, yachikale, ya mtundu umene simungaupezenso ngakhale mutazungulira Limbe yense. Ikafa, yafa basi. Choncho mwana wanga woyamba, amene amayendetsa mathiraki a ku Joni, atanena kuti tiimangenso ndi kuikamo tabo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, kuti ipeze mphamvu, ndinavomera mtima uli m'mwamba.

Anabweretsa tabo ija pamodzi ndi makamushafuti awiri. Kamushafuti ndi mtanda wachitsulo wokhala ndi timfundo tonga mazira. Ikamazungulira, timfundoto timakankha mapushirodi, tindodo tachitsulo, ndipo tindodoto timatsegula mavalavu, amene ndi zitseko zolowera mpweya ndi zotulukira utsi. Yaikulu ndinasankha ine, chifukwa pepala la wogulitsa linanena kuti ndiyo yamphamvu koposa, ndiponso kuti imakwana pa injini yanga popanda kusintha kanthu. Yaing'ono anaitanitsa ndi amakaniko a ku Ndirande amene tinawapatsa ntchitoyo, osandifunsa ine mwini galimoto. Zimenezi zinandinyansa kwambiri.

Amakanikowo anali bambo wachiyao wamsinkhu wanga, ndevu zoyera, ndipo ankagwira ntchito pansi pa shedi ya malata pakati pa anthu okhoma mbaula ndi zidebe. Ndinawayalira pepala lija pa boneti.

"Achimwene, tawerengani apa."

"Ndawerenga, achikulire. Koma amene analemba pepalali, injini yanuyi anaionapo?"

"Pepala silinama."

"Silinama, koma silinafikeponso ku Ndirande."

Anandifotokozera kuti kamushafuti yaikuluyo imasiya zitseko zonse ziwiri zili chitsegukire kwa nthawi yaitali. Pa injini yopanda tabo zimenezo zimathandiza. Koma tabo ikamakankha mpweya, anatero, mpweyawo ndi mafuta zimalowa khomo la kumaso n'kutulukira la kuseri ngati mlendo wokwiya. "Phokoso lake mudzalikonda, anyamata a pa siteji adzakuimbirani mluzu. Koma pachitunda mudzatsika n'kukankha."

Ndinakana. Ndinati ndasankha kale. Iwo sanatsutse, anangogogoda hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini mmene mumakhala mavalavu, n'kufunsa ngati inapalidwapo. Ndinakwera maminibasi awiri kubwerera kunyumba, ndipo m'mawa mwake, Lachisanu, ndinabwera ndi mapepala awiri. Hediyo inapalidwa kawiri, zaka zakale, injini itawira. Anayamba apukuta m'manja asanagwire mapepala anga, chinthu chimene anthu ambiri a m'maofesi sachita.

"Ndinu oyamba kubwera ndi umboni," anatero. "Anzanu amalumbira kuti sinakhudzidwepo. Hedi ikapalidwa imatsika, ndiye mavalavu amayandikira pisitoni, chitsulo chimene chimakwera ndi kutsika kunsi kwake. Zikagundana injini ikuthamanga, tidzatolera zidutswa m'thumba la shuga."

"Ndiye mapepala anga atiuza zonse."

"Atiuza kuti tiope. Mpata umene watsala m'katimo sanatiuze."

Ndinkayembekeza kuti atulutsa chida china cha mawotchi. Iwo anawoloka kanjira kupita kwa mayi wina womata dongo m'mbaula, n'kubwerako ndi kachibuma konga dzira. Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati akufuna kuumba mphika mu injini yanga. Anati ndikhale pa tayala ndione.

Anaika kamushafuti yaikulu ija. Anapapatiza dongo pamwamba pa pisitoni yoyamba, anapaka oyilo kunsi kwa mavalavu kuti lisamatirire, anavundikira hedi pamodzi ndi gasiketi yakale, chotsekera mpata pakati pa hedi ndi injini, n'kumanga mabawuti. Kenaka anakola sipanala yaikulu kutsogolo kwa injini n'kuyamba kuizungulitsa ndi dzanja, pang'onopang'ono, maso atatseka. Okhoma zidebe ankasokosa mbali zonse, koma iwo ankamvera m'chikhatho. Penapake anaima, anapuma, anapitiriza mofatsa kwambiri. Atazungulitsa kawiri anamasula hedi.

Padongo paja panali mapazi awiri ozungulira, a mavalavu. Anatenga lezala, anadula pakati pa phazi limodzi n'kundionetsa m'mbali mwake. Dongo lotsala linali lopyapyala ngati khungu la anyezi, ndipo kumphepete chitsulo cha pisitoni chinkaoneka, mbee. Apo n'kuti injini ili yozizira, yoyenda ndi dzanja la munthu. Malo amene diso silinafikepo chiimangireni injiniyo, m'kati mwa mdima, anawatulutsa n'kuwaika pa chikhatho changa.

Nthawi ya mapemphero itakwana anasamba, anavala mkanjo n'kupita ku mzikiti. Ndinatsala ndekha pa tayala paja ndi kadongoko ndi pepala la wogulitsa. Ndinaliwerenganso, mzere uliwonse. Palibe pamene linachenjeza za hedi yopalidwa. Munthu amasindikiza bwanji mawu akuti "popanda kusintha kanthu" pa chinthu chimene chingaphe injini ya mnzake? Mpaka lero funso limeneli limandiwawa.

Atabwerako ndinati, "Achimwene, yesani yaing'onoyo."

"Mwasankha nokhatu, achikulire. Musadzati ndinakukakamizani."

Anachita zomwe zija ndi dongo latsopano. Ulendo uno lotsala linakhuthala kuposa kamtengo ka machesi, mbali zonse ziwiri. Anagwedeza mutu movomereza.

Mapushirodi anatitengera masiku ena atatu. Akale anali atatalika tsopano, poti hedi inatsika, ndiponso anali oonda moti amakanikowo anati masipuling'i olimba amene tabo imafuna akanawapinda. Anadula imodzi yakale pakati n'kuikamo bawuti, kuti izitalika ndi kufupika akaipotokola. Anadetsa nsonga ya valavu ndi cholembera chakuda, anazungulitsa injini, n'kuyang'ana pamene inki yafufutika. Poyamba mzere wofufutikawo unali chakumphepete. Anapotokola pang'ono, anadetsanso, anayesanso, mpaka kamzere kanagwera pakati penipeni, kowongoka ngati kojambula ndi rula. Utali umenewo ndiwo tinapita nawo kwa mmisiri wa makina osemera zitsulo ku Limbe, amene anafupikitsa mapushirodi ena okhuthala. Titabwera nawo, amakanikowo anawagubuduza imodziimodzi pa galasi la zenera, khutu lili pafupi. Imodzi inalira kuti tiki, tiki. Anati ndi yopindika, anaibweza.

Tsiku loliza injini ndinafika m'mamawa, mayi wa mbaula uja akungoyala katundu wake. Amakaniko anandipatsa kiyi.

"Galimoto ndi yanu. Ikaphulika, iphulikire m'manja mwa mwini wake."

"Pakamwa panu, achimwene!"

Ndinalowetsa kiyi ija. Ndinapotokola. Inatsokomola kawiri n'kugwira, ndipo anandiuza kuti ndisaisiye iyende pang'onopang'ono, ndiponde mafuta ndithu kuti kamushafuti yatsopano ikhazikike. Ndinaponda, mano ndili chilumire, kudikira kugogoda kwa chitsulo pa chitsulo. Iwo anatsamiza nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa hedi, chogwirira chake pakhutu, n'kumayenda nayo valavu ndi valavu, mpaka yomaliza. Kenaka anandikodola kuti nditsike. Anagwira waya wa mafuta pa injini ndi dzanja, n'kundiikira chogwirira chija pakhutu langa.

Ndinamva mavalavu onse akutseguka ndi kutsekeka, aliyense pa nthawi yake, mofewa ngati mashini osokera, ndipo chapatali pang'ono kamluzu ka tabo kakuyamba kukwera. Okhoma zidebe anali atasiya nyundo zawo. Amakaniko anakuwa kuti nthawi yakwana, ndizime.

"Dikirani pang'ono, achimwene," ndinatero. "Sindinamalize kumva."