Mphini za pa Chifuwa cha Mwana

Mayi uja anachita kundisankha. Pakiliniki yathu ku Woolwich, kudziko la azungu kuno, tinalipo manesi anayi tsiku limenelo, koma iye anadikira ola lathunthu kuti alowe kwa ine, poti timapemphera mpingo umodzi. Mwana wake wamkazi wa zaka zinayi anali ndi mphumu, ndipo thupi linali litatentha ngati moto.

Nditakweza kamalaya, ndinaona mphini pachifuwa. Zinali zatsopano, zopaka mankhwala akuda, ziwiri zikutuluka mafinya.

"Wamutema ndani?" ndinafunsa.

"Apongozi anga, abwera ndi mankhwala kuchokera kumudzi. Asisi, inu izi mukuzidziwa. Ingomupatsani mankhwala, musalembe."

Kudziwa ndikuzidziwa, nanga si nanenso ndili nazo kumsanaku? Ananditema ndili wamng'ono, palibe anamangidwa. Koma kuno nesi akaona bala lochita kucheka pathupi la mwana ayenera kukanena, apo ayi ntchito yatha, laisensi alanda. Komanso tisanamizane, lezala yomwe anamutemera palibe anaiwiritsa. Mwanayo tikanatha kumutaya.

Ndinamuuza maso ndi maso kuti ndikanena. Anagwada pansi, munthu wamkulu, atandigwira miyendo. Ine fomu ndinalembabe.

A boma oona za ana anafika kunyumba kwake ndi apolisi. Mwana anagonekedwa m'chipatala, kenako anakasungidwa kwa anthu achilendo masabata angapo, apongozi aja nkubwerera kumudzi ulendo usanathe. Patapita nthawi mwanayo anamubweza kwa makolo ake, ndipo anachira bwinobwino.

Wanga mlandu ndiye sunathe mpaka lero. Azimayi akumpingo, omwe aja ankandiimbira foni mwana akangotsokomola, omwe aja ankandivulira ana awo kuseri kwa tchalitchi kuti ndione tizilonda, anandipatsa dzina loti mzungu wakuda. Wocheka mwana ndi lezala amamutchula momumvera chisoni, ati gogo wosalakwa anachititsidwa manyazi. Mfiti ndine! Kuntchito abwana anangoti ndachita bwino, nkundifululira tiyi, kwa iwo nkhani yathera pomwepo. Sadziwa kuti Lamulungu benchi yonse ndimakhala ndekha. Zimandiwawa, sindibisa, ndipo amene analemba malamulowa ndikanakonda atadzakhala nane pabenchipo tsiku limodzi lokha.

Ndinkadzitonthoza kuti amenewo ndi anthu chabe, abale ndili nawo. Mwezi watha mng'ono wanga, wabere limodzi, anabwera kuchokera ku Croydon kudzandionetsa khanda lake. Tinadya, tinaseka, tinakamba za kumudzi. Khanda litadziyipitsira, ndinatambasula manja.

"Bwera naye kuno ndimusinthe thewera, iwe upumeko."

"Ayi achemwali, musavutike."

Anamunyamula nkulowa naye kubafa. Ndili chiimire pakhonde la m'nyumba mwanga momwe, ndinamva akukhoma chitseko.