Mawu a amayi ku nyumba ya malamulo ya ana

Ndili Folomu 2, aphunzitsi anandisankha kuti ndikalankhule ku nyumba ya malamulo ya ana imene inachitikira ku Boma. Ndikuganiza kuti anaona zolemba zanga zokha, chifukwa pakamwa ndinali wamanyazi ngakhale m'kalasi.

Nkhani yanga inali ya mlatho wamatabwa wa kwathu umene madzi anakokolola. Amayi ankawoloka pamenepo tsiku lililonse popita kukathyola tiyi ku esiteti. Ndinawafunsa zoti ndikanene. Iwo ankachapa, ine nditagwira kope langa lolembamo za tsiku ndi tsiku.

"Ukawauze kuti madzi amatifika m'chifuwa," anatero. "Makanda timawasenza pamutu ngati nkhuni. Ndiye ukawafunse, mkazi wa ndani mwa iwo angakwinye chitenje mpaka m'chiuno amuna akudutsa?"

Ndinatha sabata yonse ndikuika mawuwo m'Chingerezi. Za chitenje ndinazichotsa poopa kuti zimveka ngati zolaula. Za makanda zinandivuta, nazonso ndinazisiya. Chinatsala n'chakuti mlatho unawonongeka ndipo anthu akuvutika.

Tsikulo amayi anapempha kwa kapitawo kuti asapite kuntchito. Anakhala pa benchi yakumbuyo mu holo, atavala mpango wawo wakutchalitchi.

Mtsikana amene anali sipikala anati, "Olemekezeka, aphungu a ku Lilongwe amalankhula Chingerezi, koma ife lero tagwirizana kuti aliyense asankhe yekha, Chichewa kaya Chilomwe."

Mawu enieni a amayi ndinali nawo m'kope, m'chikwama changa momwemo.

Woyamba kuimirira anali mtsikana wa ku Chonde. Analankhula Chichewa, za atsikana amene amajomba sukulu chifukwa zimbudzi zilibe zitseko. Kumbuyo kwanga anyamata awiri anaseka.

"Chizungu chamuthawa uyu."

"Akanangokagulitsa nthochi pamsewu."

Sipikala atanditchula ine, chikwama ndinachisiya pansi. Ndinawerenga pepala langa la Chingerezi osaphonya liwu ngakhale limodzi, osadzutsanso mutu. Akuluakulu a kukhonsolo anaomba m'manja. Amayi anaombanso, mochedwerapo, ataona kuti ena ayamba.

Mu minibasi, pobwerera, anandigulira chinangwa chokazinga pa Chinakanaka. Kenaka anati, "Mnzako wa ku Chonde uja ndi mwana wa ndani? Walankhula zoona zokhazokha. Ine mpaka misozi."

"Sindikumudziwa, amayi."

"Iwenso unaima bwino. Malaya anakukhala."

Sanandifunse zimene ndinanena. Titafika kumudzi, amayi anzawo a kuntchito anabwera kudzamva mmene tayendera. Amayi anawafotokozera nkhani ya zimbudzi yonse, mawu ndi mawu, mpaka kutsanzira mmene mtsikanayo ankalozera chala. Mmodzi anafunsa za mlatho. Amayi anandiyang'ana kuti ndiyankhe, ine ndinangoti ndanena, n'kulowa m'nyumba kukavula yunifolomu.