Dengu Lachikhumi la a Kachingwe

Bambo mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa malemu a Ambrose Kachingwe m'kalata ya parishi ino, ndinavomera msanga. Ndinawadziwa kuyambira ndili mtsikana, ndipo tinkapemphera mphakati umodzi. Koma nditagwira cholembera, mutu wanga unangozungulira. Za Misa, za korona, za kuyendera odwala, zonsezo n'zosavuta kulemba. Chovuta ndi manyowa, ndipo munthu sungalembe za a Kachingwe n'kusiya manyowa.

Anabadwira ku Phalula m'banja losauka, nakulira kubusa. Sukulu anangoilawa, koma katekisimu anaimeza yonse. Atakula anakwatira mayi Malita a kuno kwathu, kufupi ndi Ulongwe, nabwera kudzakhala chikamwini monga mwa mwambo wathu: munda wa akazi, nyumba pamalo pa akazi, mwamuna akalakwa amamulozera msewu, akafa amakagona kwawo. Anafika ndi ng'ombe zochepa zimene bambo awo anawagawira, ndi korona m'thumba la malaya.

Kumunsi kwa mudzi wathu kuli dambo limene tonse timadyetsako ziweto. Nthawi imeneyo linali litayamba kutha. Kapinga anasowa, kunatsala udzu wofiira ndi minga, ndipo ng'ombe zinkabwerera madzulo nthiti zikuwerengeka. Ena ankati ndi mvula, ena ankati ndi ufiti.

Lamulungu lina la masika, wansembe wa nthawiyo analalikira za chachikhumi. Anati munthu wongolandira osabweza kanthu sasiyana ndi wakuba. Tonsefe tinamva za chimanga ndi nkhuku. A Kachingwe anamva zina. Potuluka anaimitsa akatekisiti pakhomo.

"Aphunzitsi, ng'ombe zimadya kudambo, n'kukagona m'khola. Ndowe zimatsala m'khola, ife n'kututa kupita nazo kumunda. Nanga dambo limalandira chiyani? Ndiye kuti tonsefe timalibera."

"Iyayi, a Kachingwe," anatero akatekisiti, "abambo samanena za udzu."

A Kachingwe anathokoza mwaulemu. Koma kuyambira chaka chimenecho, akamatuta manyowa m'khola, dengu lachikhumi lililonse ankalisenza kupita nalo kudambo. Kodi anamva ulalikiwo molakwa, kapena ndife amene tinaumva mwatheka? Ndafunsa ansembe angapo, ndipo aliyense amangoseka n'kusintha nkhani.

Zaka zoyamba zinawachititsa manyazi. Manyowawo ankawakhuthula milumilu, monga timachitira kumunda tisanamwaze. Mvula itagwa, pakati pa mulu panapsa, m'mbali munamera udzu wautali wobiriwira bii. Ng'ombe zinafika, n'kununkhiza, n'kutembenuka kukadya udzu wofiira uja. Mudzi wonse unafa ndi phwete: nsembe ya mkamwini yakanidwa ndi ng'ombe zake zomwe! Iwo zinawapweteka kwambiri. Anapita kwa wansembe kukafunsa ngati Mulungu wakana chopereka chawo, ndipo wansembeyo anavomera poyera kuti za ng'ombe sanaphunzire.

Amene anawathandiza ndi Che Zubairu, Msilamu woyandikana nawo nyumba, amene mbuzi zake zinkadya udzu wokanidwawo mosangalala.

"Wallahi, a Kachingwe, sadaka yanu yagwera mbuzi zanga," anatero akuseka. "Koma inuyo mungadye pamene mwadzithandizira? Ng'ombenso ili ndi mphuno. Mwazani mopyapyala mvula isanagwe, ndipo zisapondepo mpaka fungo litatha."

A Kachingwe anamvera. Anayamba kumwaza, n'kumatchinga chigawo chimenecho ndi nthambi zaminga kuti chipume. Ambiri tikuwakumbukira akuyenda kudambo masana, korona kumanzere, ndodo kumanja, akuphwanya ndowe zouma ndi kuzibalalitsa. Sitinkadziwa ngati tiwapatse moni kapena tiwasiye apemphere.

Mayeso aakulu anabwera chaka cha njala yoopsa ija. Feteleza kunalibe, ndipo kumapeto kwa munda wa mayi Malita, kumene manyowa sanafike, chimanga chinali chachikasu, chofika m'mawondo. Ana ankagona ndi madeya. Komabe nyengo yotuta manyowa itakwana, a Kachingwe anasenza dengu lawo kupita kudambo, anthu akuona. A Lyford, mlongo wa mayi Malita amenenso anali mwinimbumba, anawaitanitsa pabwalo la nyumba.

"Alamu, kodi munabwera kudzalima munda wa mlongo wanga, kapena kudzadyetsa tchire?"

"Ndinabwera kudzalima, alamu. Madengu enawo onse ndi a kumunda."

"Nanga linalo?"

"Linalo si langa."

Mayi Malita analira. "Bambo a Chimango, mwana wanuyu akuwonda mukumuona. Dambo limalira usiku ngati iyeyu?"

A Kachingwe anangoweramitsa mutu. Sanakane, sanapepese, ndipo sanalonjeze kusiya. Tsiku lomwelo anapeza chikwama chawo chili panja. Anachinyamula, ng'ombe zonse anazisiyira ana, nakwera minibasi ya ku Phalula. Pano ndiye pamene ine ndimasokonezeka kwenikweni. Ndine mayi, ndipo ndikanakhala mayi Malita, chikwamacho ndikanachiponya kutali kuposa pamenepo. Koma ndikaganiza za bambo wachikulire akuchoka wopanda mkwiyo, atasiya zonse zimene anabwera nazo, misozi imalengeza.

Patapita miyezi ingapo mayi Malita anakawatenga okha. Ndinawafunsa posachedwapa chimene chinawapititsa. Anati, "Kaya, mwanawe. Kaya chinali chikondi, kaya n'chifukwa ng'ombezo zinkakana kulowa m'khola. Mpaka lero sindidziwa." A Lyford analola monyinyirika, koma ananena pamaso pa anthu kuti mlendo ndi mlendo: akhale, adye, koma tsiku lake likadzafika adzakagone kwawo, chifukwa manda a mbumba yawo si a munthu wotaya chakudya cha ana kutchire. A Kachingwe anawamva mawuwo, ndipo anawasenza zaka zonse zotsala osadandaula. Kamodzi kokha anauza mwana wawo Chimango kuti ku Phalula sakudziwakonso munthu, ndipo akuopa kukagona pakati pa alendo.

Kenaka panachitika chinthu chimene ngakhale iwo sanachiyembekezere. Pamalo pa milu yoyamba ija, imene tinkaiseka, panali patamera timitengo taminga. Abusa a ziweto ankafuna kutidula, iwo n'kuwapempha kuti atisiye. Inali misangu. Ng'ombe zinkadya zipatso za msangu kwinakwake, njere n'kutulukira m'ndowe, ndowezo n'kulowa m'dengu. Lero ndi mitengo ikuluikulu. M'chilimwe, udzu ukatha, imagwetsera ziweto zipatso, ndipo m'dzinja imayoyola masamba ake n'kudyetsa nthaka. Pansi pake kapinga anabwerera. Dambo lonse silinachire ayi, koma mbali imeneyo ng'ombe za Akhristu ndi mbuzi za Asilamu zimalimbirana. Anthu akawayamikira, a Kachingwe ankadabwa nawo limodzi. "Pamene ndinalakwitsa ndi pamene pamera," ankatero. "Ine sindimvetsa."

Atakalamba miyendo inawakana. Kutchalitchi Chimango ankawapititsa panjinga, ndipo kudambo ankangoyang'anako ali pakhonde. Chaka chatha, mvula yoyamba ili pafupi, anadwala chifuwa. Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza, ife a mphakati tinakhala nawo tikupemphera korona. Chakumasana anatsegula maso n'kuyang'ana akazi awo.

"Mayi a Chimango, dengu lija lapita?"

"Lapita."

"Wasenza ndani?"

"Ndasenza ine. Gonani."

Ine ndinayesa akungowatonthoza. Koma nditayang'ana duku lawo ndinaona kuti lili ndi fumbi la khola. A Kachingwe anamwetulira, natseka maso, ndipo mpweya unatha mwakachetechete tisanamalize pemphero.

M'mawa mwake achibale a ku Phalula anafika ndi galimoto kudzatenga thupi, monga mwa mwambo, ndiponso monga a Lyford ananenera kalekale. Bokosi linali litatulutsidwa kale pakhomo. Mayi Malita analigwira. Pamenepo a Lyford, nawonso okalamba, atatsamira ndodo, anaimirira kutsogolo kwa galimoto.

"Iyayi," anatero. "Munthuyu wadya za nthaka ino kuyambira ali mnyamata. Mukamutenga, nanga nthaka ino ilandira chiyani?"

Ena anafuna kuseka, ena anayamba kulira, ndipo a ku Phalula anangoyang'anana, osamva chimene mkuluyo akunena. Che Zubairu ndiye anapita kunyumba kwawo kukatenga khasu, n'kulipereka kwa adzukulu okumba manda.

Bambo mfumu anandiuza kuti ndimalize ndi phunziro limene moyo uwu watisiyira. Ndayesa, bambo, koma ndalephera. Sindikudziwa ngati dambo limalandira chachikhumi, kapena ngati Mpingo ungaphunzitse zimenezo. Chimene ndikudziwa n'chakuti a Ambrose Kachingwe agona m'manda a mbumba ya akazi awo, pamtunda poonekera misangu ija, ndipo pambali pawo mayi Malita anadzisungira malo. Ambuye, amene mukumvetsa zimene ife zatikanika, alandireni mu mpumulo wanu.