Mapilitsi Otsala M'chitini

Linali Lachitatu, mwezi wa Malichi. Ndinali kukopera manotsi a bayoloje, patangopita masabata awiri chiikireni mng'ono wanga amene anamwalira ndi malungo. Aphunzitsi anati zamoyo zimasintha mbadwo ndi mbadwo. Munthu akasiyira mankhwala panjira, tizilombo tolimba timapulumuka n'kubereka tinzake tosamva mankhwala. Ndinalemba zonse.

Kwathu m'mbali mwa Zambezi kiliniki ili kutali. Thupi la mwana likangozizira, amayi ankasunga mapilitsi otsala m'chitini cha tiyi kuti adzathandize wina. Anatero ndi malemuyo. Kaya n'chimene chinamutenga, sindidziwa.

Nditaweruka ndinapeza kamlongo kanga, kamene kanali kudwalanso, kakusewera pabwalo, mapilitsi ake anayi ali m'chitinimo. Chibadwire ndinali ndisanatsutsepo amayi. Ndinalemba m'buku langa kuti mawa ndiwapempha kamalize onse.